Kompyuta ikamazima yokha pakati pa gemu: zoyenera kuchita kuno ku Chigwa cha Shire

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi kwa aliyense. Mukayatsa laputopu gemu imayamba bwinobwino, kaya ndi FIFA, eFootball kapena GTA V. Pakatha mphindi 15 kapena 20 fani imayamba kulira kwambiri, pansi pa kiyibodi pamatentha moti dzanja silikhalapo, zithunzi zimayamba kudukizadukiza, kenako sikirini ija yangoti bii. Mukayesa kuyatsanso imakana, kapena imayaka n'kuzimanso isanafike pa Windows. Mukaisiya kanthawi imayaka ngati palibe chachitika, ndipo mawa lake imachitanso zomwezo.

Ophunzira anzanga ambiri a ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi ku Nsanje akakumana ndi zimenezi amauzidwa kuti ndi vairasi, aifomate. Amafomata, amataya manotsi ndi magemu amene anawonongera bandulo yambiri, koma sabata isanathe vuto lija labwerera. Kuno kwathu kompyuta yozima motere nthawi zambiri imakhala ikuthawa kutentha. Ikapanda kukhala kutentha, chachiwiri chokayikira ndi magetsi. Windows ibwere pamapeto penipeni.

Chifukwa chake kuno zimavuta kuposa kumtunda

Kompyuta ilibe njira ina yodziziziritsira koma mpweya wa m'chipinda chimene ili. Fani imakoka mpweya umenewo, n'kuupititsa pa timapepala tachitsulo tolumikizidwa ku pulosesa ndi paipi ya kopa, ndipo mpweyawo umatuluka utanyamula kutentha. Makampani ambiri opanga malaputopu amalemba kuti makina awo agwiritsidwe ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Kuno mu Okutobala ndi Novembala masana amapitirira madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i mumatentha kuposa pabwalo. Ndiye kuti musanatsegule n'komwe gemu, makina anu ali kale kunja kwa malire amene anawapangira.

Mapulosesa ambiri a Intel ndi AMD ali ndi malire a pakati pa madigiri 95 ndi 105. Akayandikira pamenepo amadzichepetsera okha liwiro, n'chifukwa chake gemu imayamba kudukiza. Zikapanda kuthandiza, makina amadzizimitsa kuti asapse. Choncho kuzimako si kuwonongeka ayi, ndi chitetezo chimene chikugwira ntchito yake. Laputopu imene imasewera bwino kwa mnzanu wa ku Blantyre ikhoza kukanika ikangotsika phiri n'kufika pa Thabwa, popanda chilichonse chimene chasintha mkati mwake.

Onjezerani apo kuti ambirife tili ndi makina ogula kwa anthu kapena obwera atagwira kale ntchito kunja, monga HP EliteBook, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad. Ndi makina olimba, ndimawakonda, koma anapangidwira mu ofesi, ndipo amafika kwa ife ali ndi fumbi la zaka zambiri.

Yambani mwatsimikiza chimene chikuizimitsa

Musatsegule chilichonse musanadziwe. Onani kazimidwe kake. Ngati imayamba yatentha, fani n'kulira, gemu n'kuyamba kulemera, kenako n'kuzima, ndipo ikukana kuyaka mpaka itazizira, kumeneko n'kutentha. Ngati imazima mwadzidzidzi ngakhale isanatenthe, makamaka mukagwedeza waya wa chaja kapena pamene babu la m'nyumba laphethira, ganizirani za magetsi. Ngati imaonetsa sikirini ya buluu yokhala ndi mawu n'kudziyatsanso yokha, nthawi zambiri ndi madiraiva, RAM kapena disiki.

Kenako yezani. Ikani pulogalamu yaing'ono yoyezera kutentha ngati HWMonitor, HWiNFO kapena Core Temp. Zonsezi n'zaulere ndipo sizidya bandulo yambiri. Itsegulani, isiyeni ikuyenda, sewerani kwa mphindi 10, ndiye tulukani mu gemu muone nambala ya kutentha kwa pulosesa pansi pa mawu akuti Max. Kuno kwathu laputopu yongokhala osachita kanthu ikamawerenga madigiri 50 mpaka 60 m'nyengo yotentha musadabwe. Ikamawerenga 75 kapena 80 musanatsegule gemu, mkati muli vuto. Posewera, 85 ndi yopiririka. Ikamagunda 95 kupita m'tsogolo, mwapeza chimene chikuizimitsa.

Pali kuyesa kwina kosavuta kumene ndimakukhulupirira kwambiri. Sewerani gemu yomweyo, pa masetingi omwewo, m'bandakucha kunja kusanatenthe. Ikapirira nthawi yaitali kuposa mmene imachitira cha m'ma 2 koloko masana, yankho mwalipeza popanda kulipira munthu.

Ena amatsegula Event Viewer n'kupeza uthenga wofiira wakuti Kernel-Power 41, n'kuyamba kufufuza mankhwala ake pa intaneti. Uthengawo umangonena kuti makina anazima mosayembekezereka. Sunena chifukwa, ndipo umatuluka ngakhale pamene magetsi angothima.

Zimene mungachite lero osawononga ndalama

Ichotseni pabedi. Malaputopu ambiri amakokera mpweya pansi, ndipo matiresi, bulangete, pilo ngakhale chitenje choyala patebulo zimatseka timabowo take. Pa mkeka sipabwinonso, chifukwa pansi ndi pamene fumbi limakhala. Iikeni patebulo, ndipo mukweze kumbuyo kwake ndi timatabwa tiwiri kapena zitsekerero za mabotolo kuti pansi pazidutsa mpweya. Onetsetsani kuti mbali yotulukira mpweya wotentha siinayang'ane khoma lapafupi kapena mulu wa mabuku. Ngati muli ndi fani ya m'nyumba, ilozetseni kuti iziwomba pansi pa laputopuyo, osati pa sikirini.

Chachiwiri ndi kuchepetsa ntchito imene mukuipatsa. Apa ambiri amakana chifukwa amafuna zithunzi zokongola, koma pa sikirini ya mainchi 14 kusiyana kwake n'kochepa. Tsitsani resolution kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Chepetsani shadows ndi anti-aliasing, chifukwa ndi zimene zimalemetsa kwambiri. Chofunika koposa ndi kuika malire a mafuremu, kutanthauza zithunzi zimene gemu imatulutsa pa sekondi iliyonse. Popanda malire, makina amayesetsa kutulutsa mafuremu ochuluka mmene angathere, ngakhale sikirini yanu imangoonetsa 60 pa sekondi. Yatsani V-Sync kapena sankhani 60, ndipo ngati makinawo ndi ofooka sankhani 30. Gemu yoyenda pa 30 mosasintha imasewereka bwino kuposa yodumpha pakati pa 55 ndi 15.

Ndiye pali njira ya 99 imene yathandiza anzanga ambiri. Pitani pa Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, Processor power management, n'kufika pa Maximum processor state. Sinthani 100 kukhala 99, pa batire ndi pa chaja pomwe. Pa makina ambiri zimenezi zimaletsa pulosesa kukwera liwiro lowonjezera lotchedwa turbo, limene limatulutsa kutentha kwambiri. Mumataya mphamvu pang'ono, koma nthawi zambiri kutentha kumatsika moonekeratu pa HWMonitor. Pa malaputopu ena atsopano mzere umenewu sukhalapo, ndipo zikatero sankhani Balanced kapena Best power efficiency m'malo mwa Best performance.

Tsegulaninso Task Manager musanayambe gemu. Chrome yokhala ndi matabu ambiri itsekeni. Ngati pulosesa ikuonetsa kuti ikugwira ntchito kwambiri pamene inu simukuchita chilichonse, onani pulogalamu imene ikuchititsa. Magemu opatsana pa mafulashi nthawi zina amabwera ndi timapulogalamu tobisika tokumba ndalama za pa intaneti pogwiritsa ntchito makina anu. Apa pokha ndi pamene nkhani ya vairasi imakhala yoona, ndipo mankhwala ake ndi Full scan ya Windows Security, osati kufomata.

Fumbi

Ngati mwachita zonsezi koma nambala zikadali pamwamba, nthawi yakwana yoti mutsegule. Kuno fumbi silisowa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo imalilowetsa m'nyumba ngakhale mutatseka mawindo. Amene ali pafupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo amadziwanso phulusa lakuda limene limagwa akamaotcha nzimbe m'nyengo yodula. Zonsezi fani imakoka. Pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo tija fumbi limaumbika n'kukhala ngati kachidutswa ka bulangete, ndipo kunja simungalione. Chizindikiro chake ndi ichi: fani ikulira mwamphamvu, koma mukaika dzanja potulukira mpweya mukumva kamphepo kochepa kwambiri.

Ngati makinawo ndi atsopano ndipo ali ndi waranti, musatsegule, abwezeni kumene munagula. Ngati ndi akale, fufuzani pa YouTube dzina lenileni la makina anu pamodzi ndi mawu akuti disassembly, ndipo muonere kanemayo mpaka kumapeto musanagwire sikuludiraiva. Dell, HP ndi Lenovo amaikanso pa intaneti mabuku osonyeza katsegulidwe ka makina awo ambiri.

Zimitsani makina, zulani chaja, chotsani batire. Ngati batire lili mkati, mukangotsegula chivundikiro chapansi chinthu choyamba ndi kuzula waya wake pa bodi. Kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsala ithe. Gwirani chitsulo chachikulu, monga felemu ya windo, musanakhudze zamkati. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse. Masikuluu a laputopu amasiyana kutalika, ndipo lalitali likalowa pa bowo la lalifupi likhoza kuboola bodi kapena chivundikiro, choncho jambulani chithunzi cha pansi pa laputopu papepala n'kumaika sikuluu iliyonse pamalo pake.

Masulani fani, muitukule pang'onopang'ono osakoka waya wake. Fumbi loumbika lija lichotseni ndi zala kapena kachitsulo kozulira tsitsi, ndipo timapepala tachitsulo mutipukute ndi mswachi wakale wouma. Popemerera gwiritsani ntchito pampu ya njinga, imene pafupifupi khomo lililonse kuno ilipo. Musapemerere ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Ndipo gwirani mapiko a fani ndi chala kuti isazungulire pamene mukupopa. Fani yozunguliridwa mwamphamvu ndi mpweya wakunja imatha kuwonongeka pakati pake, n'kuyamba phokoso limene inalibe.

Muli momwemo, izungulitseni ndi chala. Iyenera kuyenda mopepuka. Ikamagwira, kugwedera kapena kulira ngati muli mchenga, yatha ndipo ikufunika ina. Nambala yake imalembedwa pa kapepala komata pamwamba pake. Jambulani nambalayo mukamatuma munthu wopita ku Blantyre kapena ku Limbe, chifukwa mafani a makina ofanana dzina amatha kusiyana polumikizira. Yang'ananinso nyerere ndi mphemvu. Zimakonda malo ofunda, ndipo wodyera pa kiyibodi amaziitana yekha.

Kuno ndimaona kuti kutsuka kamodzi pachaka n'kochepa. Tsukani kumayambiriro kwa Seputembala kutentha kusanafike pachimake, ndipo mubwerezenso mvula ikayamba fumbi litachepa.

Thermal paste

Pakati pa pulosesa ndi chitsulo choziziritsira pamakhala phala lotuwa lotchedwa thermal paste. Ntchito yake ndi kudzaza timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kuwoloke bwino. Pakapita zaka limauma n'kung'aluka. Mudzadziwa kuti lauma ngati mwatsuka fumbi lonse, mpweya ukutuluka wambiri, koma nambala ikudumpha kuchoka pa 55 kufika pa 95 m'masekondi ochepa mukangotsegula gemu, pamene mpweya wotulukawo siwotentha kwenikweni. Ndiye kuti kutentha kukutsalira pa pulosesa, sikukufika ku fani.

Masikuluu a chitsulocho nthawi zambiri amakhala ndi manambala. Masulani pang'onopang'ono mosinthanasinthana, osati kumaliza imodzi zinazo zili zothina. Pukutani phala lakale mbali zonse ziwiri ndi kansalu kosathothoka ulusi konyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl alcohol. Sipiriti yofiirira ija imasiya utoto, ndi bwino kuipewa. Mukasowa isopropyl, kansalu kouma ndi kuleza mtima zimakwanira. Ikani phala latsopano lochepa, kukula kwa njere ya mpunga, mulifalitse kuti likute pamwamba ponse pa pulosesa, n'kubwezera chitsulo motsatira manambala aja. Ngati pali chipu china cha zithunzi pansi pa chitsulo chomwecho, nacho chichitireni chimodzimodzi. Timatiresi tofewa timene mungapeze pa tizipangizo tina tapambali musatitaye, tibwezereni pamalo pake.

Mankhwala otsukira mano si thermal paste. Nzeru imeneyi imayenda kwambiri m'mahositelo. Amauma m'masiku ochepa, ndipo makina amatentha kuposa poyamba. Komanso mukangotukula chitsulo chija, phala lakale silibwereranso mmene linalili, choncho musachitukule mulibe latsopano m'manja. Poyang'ana, onani ngati paipi ya kopa siinapindike kapena kuphwanyika. Mkati mwake muli timadzi tochepa timene timanyamula kutentha, ndipo ikabooka palibe phala limene lingathandize.

Ngati si kutentha, onani magetsi

Chaja ndi chinthu chimene ambiri sachiganizira. Tembenuzani chaja yanu muwerenge mawati ake, ndipo muyerekeze ndi zolembedwa pansi pa laputopu. Makina ofuna 65W kapena 90W akapatsidwa chaja ya 45W amayenda bwino polemba asainimenti, koma pa gemu batire limatsika ngakhale chaja ili pamoto, ndipo ngati batire ndi lakufa amazima pomwepo. Makina opangidwira magemu amafuna 120W kupita m'mwamba. Machaja otsika mtengo kwambiri, opepuka m'manja, nthawi zambiri sapereka mphamvu imene analemba. Bwerekani chaja yeniyeni kwa mnzanu wa makina ofanana, muyese tsiku limodzi. Chajayo nayo imatentha, choncho musaikwirire ndi zovala kapena kuisiya padzuwa. Ekisitenshoni yolowa mogwedera isintheni.

Kuti mudziwe mphamvu ya batire, tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Fayilo imene ituluke ikuonetsani Design capacity ndi Full charge capacity. Yachiwiriyo ikakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi yoyamba, batire latha. Ndipo ngati touchpad yayamba kutukuka, kapena chivundikiro chapansi chikutseguka chokha, batire latupa. Limeneli musasewere nalo ngakhale tsiku limodzi. Lichotseni, musaliboole, musaliponye pamoto kapena m'dzala loti lidzaotchedwe. Kutentha kumafulumizitsa kutha kwa mabatire a lithium, makamaka akamangokhala pa 100 nthawi zonse. Mapulogalamu monga Lenovo Vantage, Dell Power Manager ndi MyASUS amalola kuika malire oti lisamadzaze mpaka pamapeto, ndipo kuno n'chinthu choyenera kuyatsa.

Kuchokera pamene namondwe Ana anawononga siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira kuno ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yaitali, ambiri tinazolowera sola ndi inveta. Apa pali masamu oyenera kuwadziwa. Laputopu yokoka 65W imatenga maampu oposa 5 pa batire la 12V, ndipo desktop yokhala ndi khadi la zithunzi imatha kukoka kangapo kuposa apo. Gemu ikafika polemera, mphamvu ya batire laling'ono kapena lotopa imagwa mwadzidzidzi, inveta imalira n'kudula. Mukamva kulira kumeneko makina asanazime, vuto silili mu kompyuta. Mainveta otsika mtengo a modified sine wave amachititsanso machaja ena kulira ndi kutentha kwambiri. Ngati muli ndi desktop, UPS, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupereka mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima, ndi yofunika kuposa kiyibodi ya timagetsi tamitundumitundu, chifukwa kuzima mwadzidzidzi kobwerezabwereza kumawononga mafayilo ndi hadi disiki. Magetsi akathima zulani pulagi, mudikire abwere akhazikike. M'nyengo ya ziphaliwali zulaninso.

A ma desktop, vuto lanu lina ndi power supply, bokosi la mkati limene limapereka magetsi ku zipangizo zonse. Ikakalamba kapena ikakhala yofooka, makina amazima kapena kudziyatsanso pamene khadi la zithunzi layamba kukoka mphamvu, ngakhale kutentha kuli bwino. Ipemerereni fumbi kuchokera kunja, koma bokosi limenelo musalitsegule. Limasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi. Bokosi lonse la desktop lichotseni pansi, mulikweze patebulo.

Zimene ndikupemphani kuti musachite

Musaike laputopu yotentha mu firiji, ndipo musaisanjike pa mabotolo a madzi oundana kapena pa kansalu konyowa. Chinthu chozizira chikakumana ndi mpweya wofunda chimachita mame, ndipo mame amenewo akakhala pa bodi amabweretsa shoti ndi dzimbiri. Zimenezi n'zoopsa kwambiri m'miyezi ya mvula pamene chigwa chonse chimakhala ndi chinyezi. Makina akazima ndi kutentha, musawakakamize kuyaka kambirimbiri. Asiyeni otsegula pamalo a mthunzi odutsa mphepo kwa mphindi 20 kapena 30. Musawalowetsenso m'chikwama akadali otentha kapena ali pa Sleep, chifukwa nthawi zina amadzuka okha m'chikwamamo. Poyenda ulendo wa pa kabaza kapena minibasi, chitani Shut down.

Zonse zikakanika

Ngati kutentha kwatsika, chaja ndi yabwino, koma makina akuzimabe kapena akuonetsa sikirini ya buluu, yesani RAM ndi Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86. Nthawi zina kungoizula, kupukuta mano ake ndi kansalu kouma ndi kuibwezera bwino kumathetsa nkhani. Disiki iyeseni ndi CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution kapena Bad, koperani mafayilo a kusukulu tsiku lomwelo musanachite china chilichonse. Madiraiva a zithunzi atengeni kwa amene anapanga laputopu, kapena kwa Intel, AMD kapena NVIDIA, osati ku mapulogalamu olonjeza kukonza madiraiva onse nthawi imodzi.

Mukamapita kwa mmisiri, pitani ndi zimene mwapeza. Muuzeni kuti, "Achimwene, imafika madigiri 98 pakatha mphindi 10, fumbi ndachotsa, chaja ndayesa ina." Mmisiri wabwino amakondwera ndi mawu otere chifukwa mwamufupikitsira ntchito. Pemphani kuti atsegule muli pomwepo ngati n'kotheka, akuonetseni phala limene akuika, ndipo muyese gemu yomwe ija ndi HWMonitor musanalipire. Lembaninso kukula kwa RAM ndi disiki yanu musanasiye makina, ndipo mafayilo ofunika mukhale mutawakopera pa fulashi. Akanena kuti bodi yapsa, funsani mtengo wa bodi ina muuyerekeze ndi wa makina ena athunthu, chifukwa pa malaputopu akale kusiyana kwake nthawi zambiri kumakhala kochepa.